Mkono wa Amake Taonga ndi Makina a Apakati

Misozi ndi Yohane, ana anga, mwakhala mukundifunsa chimene ndinachokera ku Kanyama chaka chisanathe, inu sukulu ili m'kati. Ndinkangokuuzani kuti ndi boma. Lero ndapuma ntchito, palibenso wondilembera kalata yondisamutsa, ndiye ndinena. Za ubwana wanga ku Katete ndidumpha, munazimva mpaka kutopa nazo.

Matero, ntchito yanga yoyamba

Nditamaliza maphunziro a fiziyo, ntchito yolimbitsa ziwalo zofooka, ananditumiza kukiliniki ina ku Matero. Chipinda chimene anandipatsa chinali chosungiramo mitsache ndi zidebe. Munali bedi limodzi la mwendo wothyoka, lochirikizidwa ndi buloko. Zipangizo zimene tinkaziona m'mabuku kunalibe ndi chimodzi chomwe. Ndinkathira mchenga m'masokosi a atate anu kuti odwala azinyamula, ndipo iwo ankadabwa kuti masokosi akuthera kuti. Anthu sankadziwa n'komwe kuti fiziyo n'chiyani. Ankangonditcha ba Sister, ndipo amene watuluka m'chipinda changa osabayidwa jekeseni ankapita akudandaula kuti sanathandizidwe.

Koma ndinabwera ndi chinthu chimodzi kuchokera kusukulu chimene sichinkafuna magetsi. Mphunzitsi wathu wa za thupi tsiku lina anatiuza tonse kuti tigunditse chala chachikulu ndi chaching'ono, kenako tipinde dzanja. Ambirife panatuluka kachingwe pakati pa mkono, pomwe timavala wochi. Mnzanga amene ndinakhala naye benchi imodzi analibe, ndipo anachita mantha kuti ndi wolumala. Mphunzitsi anaseka. Anati mikono ya anthu si njerwa zoumbidwa m'chikombole chimodzi: wina alibe kamnofu kena, wina ali ndi kowonjezera, wina kake kanakhala mozondoka, ndipo ambiri amafa ndi ukalamba osadziwa. Anatinso zimavuta pokhapokha kamnofu koteroko kakagona pamwamba pa mtsempha womvera, uja umapititsa mphamvu ndi kumva kuzala. Ndinazilemba, mayeso ndinakhoza, basi ndinaziika kumbuyo kwa mutu.

Kanyama, chaka chimene Yohane anayamba giredi wani

Kiliniki ya ku Kanyama sinditchula dzina, ndipo mayi amene ankatiyang'anira ndingomutcha ba Inichaji, monga tinkawaitanira. Anali mayi waukhondo, nsapato zoyera ngakhale nthawi ya madzi osefukira, pamene enafe tinkafika titavala magambutsu. Lamulo lawo linali lakuti mzere uthe dzuwa lisanapendeke, ndipo alendo akabwera apeze zonse zili m'malo. Odwala sankawada, iai, koma ankakonda mpando wawo kuposa munthu aliyense amene analowapo pageti paja.

Pakilinikipo panali chinthu chimodzi chonyaditsa: makina a sikani, ounikira m'mimba, amene bungwe lina lakunja linapereka kuti azithandiza amayi oyembekezera. Anawaika m'kachipinda kumapeto kwa shedi ya apakati, ndipo khomo lake linali limodzi, lotulukira kushedi komweko. Amene ankawayendetsa anali ba Mulenga, mwamuna wachete wa ku Kopabeliti. Ba Inichaji ankanena m'misonkhano yonse kuti makina aja ndi a mimba basi, eni ake akamva kuti tikuunikira zina adzawatenga.

Amake Taonga anafika kwa ine nyengo yotentha. Dzina lawo linali Enelesi, mayi wa ana atatu, wophwanya miyala kumigodi ya kumalire kwa komboni. Inu mumaona milu ya miyala m'mbali mwa msewu mukudutsa pagalimoto, koma simudziwa kuti mulu uliwonse pali mayi amene anakhala pansi, mwala pakati pa miyendo, hamala m'manja, kuyambira m'mawa mpaka kumadzulo. Amuna awo, ba Sakala, anali womanga nyumba ndipo anali kutali ku Solwezi kwa miyezi yambiri. Nyumba yonse inkadya hamala ija.

"Ba Sister, kwanja kwanga kufa," anatero atakhala pabedi. "Nikagwira hamala pang'ono chabe, vala vitatu ivi vichita dzanzi. Makapu nagwetsa yonse. Na mwana sinikwanitsa kumumanga bwino kumbuyo."

Ndinafunsa kuti athandizidwa bwanji mpaka pano. Anati akhala akubwera kuyambira nthawi yozizira, ndipo ulendo uliwonse amabayidwa jekeseni wa mavitamini n'kupatsidwa mapilitsi a ululu. Umu ndi mmene tinkachitira: dzanzi lililonse, jekeseni, wotsatira alowe. Palibe amene anawauza kuti akwinye dzanja la malaya. Nditakwinya ine, ndinaona chotupa chachitali ngati kambatata kakang'ono, pamwamba pang'ono pa pomangira wochi. Sichinali chotentha, sichinali ndi mafinya. Nditawauza kuti afumbate chibakera n'kupinda dzanja, chotupacho chinalimba n'kudzuka, ndipo atamasula chinagonanso. Chithupsa sichichita zimenezo. Ndinagogoda pang'ono pambali pake, iwo n'kudzidzimuka, nati moto wathamangira kuzala. Ndipo kamnofu ka patsinde pa chala chachikulu kanali katayamba kuphwa poyerekeza ndi ka kumanzere.

Mawu a mphunzitsi uja anandibwerera, koma sindinganame kuti ndinadziwa. Ndinkangoganizira. Chikanatha kukhala chotupa choipa. Ndinaimbira dokotala wina wa maopareshoni a manja kuchipatala chachikulu, mayi amene tinkadziwana kutchalitchi. Anati mzere wa sikani kumeneko ndi wautali zedi, munthu wosakhala pangozi amadikira mpaka atayiwala chimene anabwerera. "Koma ngati mungaunike komweko n'kunditumizira chithunzi, ndimuona msanga," anatero. "Mtsempha umenewo sudikira munthu. Mnofu wa chalacho ukatha, watha."

Ndinapita kwa ba Inichaji mwaulemu wonse, manja kumbuyo ngati mwana wa sukulu. Sanandilole n'komwe kumaliza.

"Ba Zulu, makina aja ni ya mimba. Kwanja kuli na mimba?"

"Ni kanthawi kang'ono chabe, ba Inichaji. Mzimai uyu adyetsa ana na kwanja uku."

"Lelo kwanja, mailo mwendo, mailo ina mutu. Mufuna bene bake bakatenge makina? Mupatseni jekeseni ayende."

Ndinatuluka mutu ukuwira. Makina ali apo, munthu wodziwa kuwayendetsa ali apo, wodwala ali apo, ndiye chotchinga n'chiyani? Mantha a munthu mmodzi! Ndinaganiza sabata yathunthu. Ndinkadziwa kuti ndikachita, ntchito yanga ilowa m'madzi, ndipo inu munali aang'ono. Koma Amake Taonga atabweranso, n'kulephera kutola pini imene ndinaika patebulo, ndinati zikhale momwe zikhalire. Ba Mulenga anavomera monyinyirika. Anati kiyi amapatsidwa tsiku la sikelo ya apakati lokha, ndiye mayiyo akhale pamzere ngati ena onse, alowe pomalizira.

Anakhaladi pabenchi paja m'mawa wonse, pakati pa amayi a mimba zawo, atafunda chitenje. Atalowa, ba Mulenga anapaka mafuta aja pamkono m'malo mwa pamimba, ndipo tonse atatu tinayang'ana pagalasi. Anayendetsa kachipangizo uku ndi uku, kenako anaima. "Uyu ni munofu," anatero. "Si chotupa iai. Fumbatani." Amake Taonga atafumbata, tinauona ukufufuma n'kukanikiza kanthu kozungulira kamene kanali pansi pake. Pepala losindikizira zithunzi linali litatha kalekale, choncho ndinajambula galasilo ndi foni yanga.

Ndinatumiza chithunzicho, ndipo dokotala uja ataona Amake Taonga ndi maso ake, anatsimikiza. Kamnofu kaja ka kachingwe, kamene mwa anthu ambiri nyama yake imakhala kufupi ndi chigongono ndipo kudzanja kumafika chingwe chokha, mwa iwo kanabadwa mozondoka, nyama ili kudzanja. Akanakhala wogulitsa tomato sakanadziwa mpaka kumanda. Koma hamala ya zaka zambiri inakakulitsa, mpaka kanayamba kutsamira mtsempha womvera. Anati opareshoni yake ndi yaing'ono, kuchotsa kamnofuko basi, popeza dzanja limagwira bwinobwino popanda iko. Anawapatsa tsiku, mvula isanayambe. Pobwerera m'minibasi Amake Taonga ankangoseka. "Kansi nenze nabadwa nako? Ine nenze kuganiza ati banilowa!"

Mvula itayandikira, chaka chomwecho

Chimene sindinachiwerengere ndi pakamwa pa anthu. Pabenchi paja panali mayi wina wa mumzere wa nyumba zawo. Iye anangoona Amake Taonga akulowa m'chipinda cha sikani, n'kutuluka akupukuta mafuta. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Nkhani inachoka pampopi, inafika kumsika, inalowa m'tchalitchi, kenako inakwera foni mpaka ku Solwezi: mkazi wa ba Sakala ali ndi pakati, mwamuna ali kutali chaka chino chonse.

Ba Sakala anabwera osauza munthu. Ndinamva kwa mwana wawo wamkulu kuti kunyumba kwavuta, ndipo Loweruka ndinapita. Ndinapeza ba Sakala atakhala pakhomo ndi alongo awo, mayi wamkulu thupi amene ankagulitsa zovala zakale za salaula. Amake Taonga anali pansi pakona, diso limodzi litatupa. Ndinapereka moni, ndinafotokoza zonse kuyambira pachiyambi, mofatsa. Ndinatenga dzanja langa n'kuwaonetsa kachingwe kaja. Ndinawapempha kuti agwire okha chotupa cha akazi awo. Anakana kuchikhudza.

"Imwe ba Sister, osanipanga chipuba," anatero ba Sakala. "Bana banga bonse batatu nenze kupelekeza mukazi ku sikelo. Chipinda chija nichiziba. Mungene mwamuna muja? Mungene nkhalamba? Ni ba mimba chabe."

Ndinatulutsa foni n'kuwaonetsa chithunzi. Kalanga ine, ndikanadziwa! Zithunzi za sikani zonse zimafanana kwa munthu wosaphunzira kuziwerenga: mdima, utsi, ndi kanthu kozungulira pakati. Alongo awo anandilanda foniyo, n'kuloza mtsempha uja ndi chikhadabo chopaka utoto.

"Aka si kamutu ka mwana aka? Ba Sakala, onani! Batibweletsela na umboni beka!"

Ndinati chabwino, tiyeni Lolemba tikayeze mkodzo pamaso panu, muone ngati muli mimba. Mlongoyo anaseka chiseko chimene sindidzachiiwala. "Muzapima chani? Si banachosa kale? Ndiye nchito ya opaleshoni mukamba iyo. Tiziba ise vamene muchita mu vipatala." Mwaona? Mimba ikapezeka, ndi hule. Ikapanda kupezeka, anachotsa. Munthu angatulukire khomo liti pamenepo?

Ba Sakala sanali chilombo, ndinene zoona. Ndinaona kuti mumtima ankafuna wina awatsitse pamtengo umene anakwera. Pomaliza anati: "Nizayenda neka kuli bakulu ba pa kiliniki. Bakaniuza ati makina aja yapima na manja, nizamvera." Ndinapuma. Ndinati zatheka, chifukwa ba Inichaji anali atadziwa kale zimene tinachita. Ba Mulenga anali ataulula atafunsidwa, ndipo ine ndinali nditakalipiridwa kale. Lolemba m'mawa ndinalowa mu ofesi mwawo. Sindinapite kukakangana. Ndinagwada, ine mayi wanu amene simunandionepo ndikugwadira munthu kuntchito. Ndinati ndilangeni mmene mungafunire, koma bamboyu akabwera muuzeni chimene chinachitika, mawu awiri okha.

Anabwera dzuwa lili pamutu, atavala jekete. Ine ndinaima pakhonde, chitseko chili chotsegula, ndipo ndinamva ndi makutu angawa.

"Bambo," anatero ba Inichaji, "makina athu ni ya bazimai ba mimba chabe. Ndiye lamulo. Pano sitipima manja."

"Nanga mukazi wanga anangena muja?"

"Va odwala sinikamba. Ine nakuuzani lamulo."

Sananame liwu ndi limodzi lomwe, ndipo n'chimene chimandipsetsa mtima mpaka lero. Anasankha mawu oona okhaokha n'kupha nawo munthu. Ba Sakala anatuluka, anandidutsa ngati sakundiona. Ine ndinalowa mu ofesimo osagogoda, ndipo zimene ndinanena sindingazilembe m'buku limene adzukulu anga adzawerenge. Ndikukumbukira kuti ndinamenya tebulo mpaka maluwa apulasitiki anagwa, ndipo odwala anasiya mzere kubwera kudzasuzumira pawindo. Ba Inichaji anangoti: "Mukanamvela ine, ivi sembe kulibe." Anthu ena mpaka lero amandiuza zomwezo, kuti ndinaputa ndekha. Asa! Ndikanati ndibwerere, ndikanamulowetsanso m'chipinda chija. Cholakwa sichinali kuunika mkono wa munthu wodwala.

Sabata yomweyo Amake Taonga anakwezedwa basi kubwerera kwa makolo awo ku Petauke, kuti akulu akakambe mlandu. Ana anatsala ndi mlongo uja. Tsiku la opareshoni linafika n'kudutsa. Dokotala anandiimbira kufunsa kuti wodwala wanga ali kuti, ndipo anawasungira malo kachiwiri. Ndinayesa kuimba nambala yawo, koma foni inali m'manja mwa amuna awo. Ndinatuma uthenga kudzera kwa mayi wina wa kwawo komweko. Yankho linabwera lakuti makolo akana, mwana wawo wawachititsa kale manyazi ndi zipatala za ku Lusaka, asamvenso za mpeni. Mwezi usanathe ndinauzidwa kuti ndasamutsidwira ku Chawama chifukwa chosamvera akuluakulu. Ndi mmene munasinthira sukulu chaka chisanathe. Ba Mulenga anatsala, ndipo sindiwaimba mlandu, nawonso anali ndi ana. Makina aja anawonongeka patapita zaka zochepa, anakhala pakona atafunditsidwa nsalu, ndipo eni ake amene tinkawaopa aja sanabwere n'komwe kudzawafunsa.

Za ku Chawama ndidzalemba pazokha, kunali anthu abwino ndipo ndinakhalitsako mpaka kupuma. Koma kuyambira nthawi imeneyo, aliyense wobwera ndi dzanzi ndinkayamba ndamukwinya malaya, ndipo ophunzira amene ankabwera kudzayesera ntchito ankandidziwa ngati mayi wovuta uja wa mikono.

Chaka chatha, nditapuma kale

Misozi, ukukumbukira tsiku limene unandituma ku Kamwala kukagula nsalu za chilanga mulilo cha mng'ono wa amuna ako, mwambo uja wopititsa zakudya kwa mkwati, ndinabwera ndi nsalu zolakwika n'kukana kudya? Unaganiza kuti ndi shuga. Sanali shuga.

Ndikutuluka m'sitolo ndinamva mwamuna wina akukalipa m'mbali mwa msewu. Anali bambo wa tayi, wagula chinangwa chootcha kwa mayi wina wokhala pansi, ndipo ankati: "Mulibe ulemu imwe? Munipasa chakudya na kwanja kwa kumanzele? Ni kwanu kwamene banakuphunzisani so?" Mayiyo ankangopepesa, mutu uli pansi. Dzanja lamanja linali pamwendo, litagona chagada ngati la mwana wogona tulo. Ndinazindikira mkonowo ndisanazindikire nkhope.

Bambo uja sadzaiwala tsiku limenelo. Ndinamufunsa ngati tayi yake inamuphunzitsa kuyang'ana asanatsegule pakamwa, ndipo ndinamuperekeza ndi mawu mpaka anawoloka msewu, chinangwa chake atachisiya. Nditatembenuka, Amake Taonga anali akuseka, misozi ili m'masaya.

"Ba Sister! Mukali chabe na ukali wanu?"

Ndinakhala pansi pambali pawo, pafumbi pomwepo, ndi diresi yanga yabwino. Anandiuza kuti anakhala kumudzi zaka zingapo. Ba Sakala anakwatira wina, kenako anadwala, mkazi watsopanoyo anathawa, ndipo abale omwe aja anatuma uthenga kuti Amake Taonga abwere adzasamale bambo wa ana awo. Anabwera, anawasamala mpaka anawaika m'manda. Za mimba ija palibe anaitchulanso, ngakhale kupepesa. Mlongo uja amadutsa pamenepo nthawi zina n'kutenga chinangwa chaulere.

Kenako anatsitsa mawu, ngati akuopa kuti wina amva.

"Ba Sister, manje nilibe wonikaniza. Ba Sakala kulibe, makolo kulibe. Badokota baja bakaliko? Siku ija ingapezeke futi?"

Ndinatenga dzanjalo n'kuliika pa langa. Patsinde pa chala chachikulu, pamene pamayenera kukhala kamnofu kotukuka, panali dzenje, khungu lokha litamatirira fupa. Nsonga za zala zinali ndi zipsera za moto, zakale ndi zatsopano, chifukwa mbaula imawawotcha iwo osadziwa. Ndinawauza kuti agunditse chala chachikulu ndi chaching'ono. Anayesa, nkhope yonse inagwira ntchito, koma chala sichinadzuke. Zaka zonse za ntchito yanga sindinanamizepo wodwala, ndipo sindikanayamba tsiku limenelo.

"Amake Taonga, kuchotsa angachotse," ndinatero. "Koma chala ichi sichizaukanso. Chamene opaleshoni ingathandize manje ni kuchepetsa chabe kubaba."

Anayang'ana dzanjalo kanthawi, kenako analichotsa pa langa ndi dzanja linalo, n'kulibwezera pamwendo.

"Aa, ngati ni kubaba, lekani chabe," anatero. "Kunaleka kale. Manje sinimvela chilichonse."

Anatembenuza chinangwa pambaula ndi dzanja lamanzere, chifukwa chinali chitayamba kupserera.